Thomas Maclear, Munthu Amene Anayesa Dziko Lapansi

Ananu, funyululani mapu a dziko lathu la Malawi, nimuyang'ane kumwera kwa nyanja. Mudzaona kuti nyanjayo igawika pawiri ngati mphanda. Pakati pa mphandayo pali mtunda wa mapiri wolowa m'madzi, ndipo pa nsonga yake palembedwa dzina lakuti Cape Maclear. Pomwepo pali mudzi wa Chembe, mudzi wa asodzi. Kodi mwini dzina limeneli anali yani? Sanali mfumu, sanali msilikari, ndipo sanaponde m'dziko lathu ngakhale tsiku limodzi. Anali dotolo amene anasiya nchito ya mankhwala, natha zaka zambiri alikuyang'ana nyenyezi ndi kuyesa dziko lapansi, kuti anthu adziwe maonekedwe ake enieni. Mbiri yake ndi iyi.

Ubwana wake

Thomas Maclear anabadwa pa 17 Marichi 1794 m'mudzi wa Newtownstewart, m'dziko la Ireland. M'chaka cha 1808, akali mnyamata, anamtumiza ku Mangalande kwa amalume ake, amene anali madotolo, kuti akaphunzire nchito yao. Anaphunzira m'zipatala za ku London, ndipo m'chaka cha 1815 analoledwa kukhala dotolo. Poyamba anagwira nchito m'chipatala cha ku Bedford, pambuyo pake anakakhala ku Biggleswade, nachiritsa odwala pamodzi ndi amalume ake. M'chaka cha 1825 anakwatira Mary Pearse.

Koma mtima wake unali pa zinthu za kumwamba. Usana anali kuyendera odwala. Usiku, anzake ali m'tulo, iye anali kutuluka kunka m'kanyumba kamene anamanga m'munda mwake, nayang'ana mwezi ndi nyenyezi ndi galasi loonera patali. Zonse zimene anaziona anazilemba m'buku, pamodzi ndi nthawi yake. Akulu odziwa za nyenyezi ataona malemba akewo anazindikira kuti munthuyu ngwosamala, wosalemba chinthu chimene sanachione ndi maso.

Ulendo wa ku Cape Town

Masiku amenewo boma la Mangalande linali ndi nyumba yoonera nyenyezi pafupi ndi Cape Town, kunsonga ya kumwera kwa Afirika. Nyumbayo inakhazikitsidwa kuti ithandize amalinyero, pakuti m'kati mwa nyanja yaikulu mulibe phiri kapena mtengo wakulozera munthu njira. Mwini ngalawa adziwa pamene ali poyang'ana dzuwa, nyenyezi ndi koloko. Woyang'anira woyamba, Fearon Fallows, anamwalira m'chaka cha 1831. Wachiwiri, Thomas Henderson, anangokhalako chaka chimodzi, nabwerera kwao, chifukwa malowo sanawakonde. Pamenepo, m'chaka cha 1833, anasankha Maclear. Iye anafika ndi banja lake m'mwezi wa Januwale 1834, nakhala pa nchitoyo zaka 36.

Nchito zake zinali zambiri. Analemba malo a nyenyezi za kumwera, zimene anthu a ku Ulaya sazitha kuziona ali kwao. Anauza ngalawa za pa dooko nthawi yolondola tsiku ndi tsiku. Anatsata nyenyezi ya mchira yochedwa Halley pamene inaoneka m'zaka za 1835 ndi 1836. Koma nchito imene inamtengera mphamvu zake koposa inali ya mlandu wakale wa maonekedwe a dziko. Kuti muimvetse, tiyambe tabwerera m'mbuyo.

Kodi dziko lifanana ndi chiani?

Anthu ophunzira anadziwa kalekale kuti dziko liri lozungulira. Ngalawa ikamachoka pa gombe, thunthu lake liyamba kubisika, mlongoti wake nutsalira kuoneka. Mwezi ukadetsedwa, mthunzi wa dziko umene ugwa pa mweziwo ukhala wozungulira nthawi zonse. Koma funso lina linatsala: kodi liri lozungulira mofanana mbali zonse ngati dzaye?

M'chaka cha 1687 Isaac Newton wa ku Mangalande analemba kuti iai. Dziko lizungulira kamodzi pa usana ndi usiku, ngati chipukuso pakati pa manja a mayi. Tengani dongo lofewa, muliumbe ngati mpira, mulibaye ndi kamtengo, nimupukuse kamtengoko msanga. Dongolo lidzatundumuka m'mimba mwake, ndi kuphwatalala pang'ono pamwamba ndi pansi. Newton anawerenga kuti dziko lichita chimodzimodzi: litundumuka pa mzere wa pakati, umene tiucha Ikweta, ndipo liri lophwatalala pang'ono pa nsonga ya kumpoto ndi ya kumwera, monga dzungu. Koma ku France akulu ena, a banja la Cassini, anayesa dziko lao, napeza ngati kuti dziko liri lalitali kunsonga monga dzira. Kunali kutsutsana kwakukulu.

Muyesa bwanji dziko?

Kapena mufunsa kuti, munthu angayese bwanji chinthu chimene ali pamwamba pake ngati nyerere pa dzungu? Njira yake ndi iyi. Mzere uliwonse wozungulira augawa zigawo 360, ndipo chigawo chimodzi achicha digiri. Munthu akayenda kulinga kumpoto, nyenyezi za kumpoto zikwera pang'onopang'ono, ndi za kumwera zitsika. Akayenda kufikira nyenyezi itasuntha digiri imodzi, ndiye kuti wayenda digiri imodzi ya dziko. Pamenepo ayesa kutalika kwa ulendo wakewo. Ulendo wa digiri imodzi uli ngati makilomita 111, ndiko kunena pafupifupi kuchokera ku Lilongwe kufika ku Mchinji.

Tsono tamverani. Dziko likadakhala ngati dzaye, madigiri onse akadalingana. Koma pamalo pophwatalala dziko lipindika pang'ono pokha, chotero munthu ayenera kuyenda ulendo wotalikirapo kuti nyenyezi isunthe digiri imodzi. Pamalo popindika kwambiri ulendowo ufupika. Chifukwa chake mfumu ya ku France inatuma magulu awiri. Gulu lina linanyamuka m'chaka cha 1735 kunka ku mapiri a ku South America, pa Ikweta penipeni, m'dziko limene lero lichedwa Ecuador. Lina linanka m'chaka cha 1736 ku Lapland, dziko la chisanu choopsa kumpoto kwa Ulaya, ndipo mtsogoleri wake anali Maupertuis. Atabwera onse, kunaoneka kuti digiri ya ku Lapland iposa ya ku France, ndi ya ku France iposa ya pa Ikweta. Newton ananena zoona.

Bvuto la kumwera

Koma mlandu sunathere pomwepo. Miyeso yonseyi inali ya kumpoto ndi ya pakati. Kumwera kunalibe amene anayesako. M'chaka cha 1752 Mfalansa wina wanzeru, dzina lake Nicolas de Lacaille, anayesa mtunda woposa digiri imodzi pang'ono, kuchokera mu Cape Town kufika ku Klipfontein, kumpoto kwake. Atawerenga, anadabwa. Digiri yake inatalika koposa muyeso woyenera malowo. Inalingana ndi ya ku France, chinkana France ali kutali ndi Ikweta koposa Cape Town. Ngati Lacaille sanalakwe, ndiye kuti theka la kumwera la dziko lisiyana ndi theka la kumpoto, ndipo dziko liri ngati chipanda, osati ngati dzungu.

Ichi sichinali chinthu chachabe. Olemba mapu ndi oyendetsa ngalawa awerengera zonse pa maonekedwe a dziko. Maonekedwewo akalakwika, mapu a kumwera konse alakwika nao, ndipo thanthwe la m'nyanja likhala pamene mapu sanena. Lacaille anali munthu wosamala, chotero palibe amene anatha kungonena kuti anaphonya. Mlanduwo unagona zaka zoposa 80.

Akulu amati, umanena chatsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga. M'chaka cha 1820 George Everest, woyesa malo wa ku India, amene phiri lalitali koposa onse lichedwa dzina lake, anaima ku Cape Town kuti apumule, popeza anali kudwala. Anakaona malo amene Lacaille anaimapo, naganiza kuti chotsitsa dzaye ndi mapiri. Mwaona mmisiri womanga nyumba alikulendewetsa chingwe chokhala ndi chitsulo kunsonga kwake, kuti khoma liongoke. Woyesa nyenyezi achita chomwecho, pakuti chingwecho ndicho chimuuza kumene kuli kumwamba kwenikweni. Koma chinthu chirichonse cholemera chikoka chinzake. Dziko likokera chitsulocho pansi, ndipo phiri lalikulu likakhala pafupi, nalonso lichikokera kwa ilo pang'ono ndithu, mosaoneka ndi maso. Ku Cape Town kuli phiri la Table, ndi kufupi ndi Klipfontein kuli mapiri a Piketberg. Ganizo la Everest linali labwino, koma ganizo si umboni. Panafunika munthu woti akayesenso.

Nchito ya Maclear

Munthuyo anali Maclear. Poyamba anafunafuna malo enieni amene Lacaille anaimikapo zipangizo zake, pakuti zaka zinapitapo zambiri ndipo zizindikiro zinafafanizika. Kuchokera ku Greenwich anamtumizira chipangizo chakale cha James Bradley, galasi lalitali ngati anthu awiri, lopenya kumwamba molunjika. M'chaka cha 1838 anayamba kuyang'ana nalo nyenyezi zopita pamutu pake, ku Cape Town ndi ku Klipfontein komwe.

Atatero anayesa mzere wa maziko. M'zaka za 1840 ndi 1841, m'chigwa cha Swartland, iye ndi anthu ake anayesa mzere woongoka wa makilomita ngati 13 ndi ndodo za chitsulo ndi mkuwa. Anali kuika ndodozo motsatana, nayang'ana polekezera pake ndi magalasi okuza zinthu, nazichinjiriza ku dzuwa, chifukwa chitsulo chikatentha chitalika. Ulendo umene mwana angauyende m'maora atatu unawatengera miyezi ingapo, m'dzuwa lotentha ndi m'pfumbi.

Kuchokera pa mzerewo sanafunikenso kukwawa ndi ndodo. Munthu akadziwa kutalika kwa mbali imodzi ya chinthu cha ngondya zitatu, nadziwanso kukula kwa ngondya zake, akhoza kupeza mbali ziwiri zotsalazo ndi masamu okha. Chotero anaimika miulu ya miyala pamwamba pa mapiri, nayesa ngondya kuchokera pa phiri lina kupenya linzake, nalumikiza phiri ndi phiri monga mphete za unyolo. Usana anali kuitanizana ndi kalirole wonyezimira pa dzuwa, usiku ndi nyali. Othandiza ake, Charles Piazzi Smyth ndi William Mann, anagona masabata ambiri pa nsonga za mapiri, m'mphepo ndi m'chisanu, alikudikira kuti mitambo ichoke. Tisaiwalenso anthu a dzikolo, amene anayendetsa ngolo za ng'ombe ndi kusenza zipangizo zolemera kukwera nazo m'matanthwe. Popanda iwo nchitoyo sikadatheka.

Maclear sanakhutire ndi kubwereza mtunda wa Lacaille wokha. Anadziwa kuti pa mtunda waufupi kukoka kwa phiri limodzi kusokoneza chiwerengero chonse, koma pa mtunda wautali cholakwacho chichepa. Chotero anautalikitsa kumwera kufikira ku gombe, ndi kumpoto kupitirira mapiri a Kamiesberg, kufikira unaposa madigiri anai. Nchito ya kuthengo inatha zaka pafupifupi khumi, ndi kuwerenga kwake zaka zinanso zambiri. Mabuku ake awiri onena za nchitoyi anasindikizidwa m'chaka cha 1866.

Nanga anapeza chiani? Anapeza kuti theka la kumwera lilingana ndi la kumpoto: dziko liri lophwatalala pang'ono ku nsonga zonse ziwiri. Anapezanso kuti Lacaille anayesa bwino ndithu. Amene anamnyenga ndi mapiri, monga anaganizira Everest. Potero anakonza cholakwa popanda kuchititsa manyazi munthu amene anamtsogolera. Kufikira lero pamwamba penipeni pa phiri la Table pali mulu wa miyala wochedwa dzina la Maclear.

Bwenzi la Livingstone

M'chaka cha 1852 David Livingstone anafika ku Cape Town kudzaperekeza mkazi wake ndi ana, amene anali kunka ku Ulaya. Iye anali kukonzekera ulendo wa m'kati mwa Afirika, ndipo anadziwa kuti kufika pa mtsinje kapena pa nyanja sikukwanira. Munthu ayenera kudziwa kuika malowo pa mapu, kuti ena akawapezenso. Chotero ananka kwa Maclear. Maclear anamphunzitsa bwino kuyesa kukwera kwa dzuwa ndi nyenyezi, ndi kupeza malo poyang'ana mwezi. Kuyambira pamenepo anakhala mabwenzi. Pa maulendo ake Livingstone anali kudzuka usiku, kawirikawiri alikudwala malungo, nayesa nyenyezi, natumiza ziwerengerozo ku Cape Town. Maclear anali kuziwerenganso ndi kuzikonza, ndipo malo ambiri a pa Zambezi ndi pa Shire analowa m'mapu mwa njira imeneyi.

Livingstone anaona nyanja yathu koyamba m'mwezi wa Sepitembala 1859. Anabweranso m'chaka cha 1861 pamodzi ndi mbale wake Charles ndi John Kirk, anthu atawasenzera bwato kulambalala mathithi a Shire. Pozungulira mtunda wa mapiri uja, Livingstone anakumbukira mphunzitsi wake, naucha Cape Maclear. M'chaka cha 1866 anadzeranso m'dziko la Achewa, naoloka Bua, nalinga ku Luangwa, zipangizo zake zoyesera ziri m'katundu. Iye atamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, anthu a ku Scotland anatuma E. D. Young ndi Robert Laws, amene anafika ndi sitima ya Ilala m'mwezi wa Okutobala 1875, namanga misyoni yoyamba ya Livingstonia pa Cape Maclear pomwepo. Malungo anawasautsa, ndipo m'chaka cha 1881 anasamukira ku Bandawe.

Ukalamba wake

M'chaka cha 1860 Mfumukazi Victoria inamlemekeza, nachedwa Sir Thomas Maclear. Chaka chotsatira mkazi wake anamwalira. Akulu a nzeru a ku France anampatsa mphotho m'chaka cha 1867, ndi a ku London m'chaka cha 1869, chifukwa cha kuyesa kwake kwa dziko. Anapuma pa nchito m'chaka cha 1870. M'chaka cha 1876 maso ake, amene anapenya nyenyezi zaka zoposa makumi anai, anachita khungu. Anamwalira pa 14 Julaye 1879, ali ndi zaka 85, ndipo anamuika pafupi ndi mkazi wake m'bwalo la nyumba yoonera nyenyezi ija.

Nchito yake ena anaipitiriza. David Gill, amene anayang'anira nyumbayo kuyambira m'chaka cha 1879, anayambitsa unyolo wautali wa ngondya, wodzera m'maiko amene lero tiwacha Zimbabwe ndi Zambia, kulinga ku nyanja ya Tanganyika ndi ku Cairo. Unyolowo unalumikizika m'chaka cha 1954.

Zimene tidziwa lero

Kuyambira m'chaka cha 1957 anthu aponya m'mlengalenga makina ozungulira dziko, ndipo makinawo ayesa dziko molondola koposa ndodo ndi miulu ya miyala. Atsimikiza zimene Maclear anapeza. Mukaboola dziko kuchokera pa Ikweta kutulukira tsidya lina, mudzayenda makilomita 12,756. Mukaliboola kuchokera ku nsonga ya kumpoto kufika ku nsonga ya kumwera, mudzayenda makilomita 12,714. Kusiyana kwake kuposa makilomita 40 pang'ono, ngati theka la njira ya ku Lilongwe kunka ku Dedza. Digiri ya pa Ikweta iri makilomita 110.6, ndi ya kunsonga 111.7.

Musaganize tsono kuti dziko liri lophwatalala ngati dzungu lenileni, dzungu tangofanizira. Mukaumba mpira waukulu ngati kutalika kwa rula yanu ya masentimita 30, kuphwatalala kwake kungakhale milimita imodzi yokha, ngati kanjere ka mawere. Diso silingakuone. Ndipo taonani, chifukwa cha kanjere kameneka munthu anatha zaka khumi m'mapiri.

Mudzi wa Lilongwe uli pa madigiri 14 kumwera kwa Ikweta, ndiko kuti makilomita ngati 1,550. Inu mukakhala chete m'kalasi, dziko liri kukutengani kulinga kum'mawa makilomita oposa 1,600 pa ora limodzi, ndipo kuzungulira komweku ndiko kunatundumutsa mimba ya dziko. Pamene boma linali kukonza kusamutsa likulu kuchokera ku Zomba kudza ku Lilongwe, chimene chinachitika m'chaka cha 1975, oyesa malo anatsogola, omanga nadza pambuyo. Anayesa kuyambira ku tauni yakale, kumene kuli msika ndi mlatho, kufikira ku City Centre ndi ku Capital Hill, nagawa malo onse m'zigawo za manambala, monga Area 3, Area 10 ndi Area 43. Mapu otere awerengedwa pa dziko lophwatalala kunsonga, osati pa dzaye.

Mukadzaona mulu wa simenti pamwamba pa phiri, kapena chikhomo cha oyesa malo m'malire a munda, musachigumule kapena kuchizula. Pali munthu amene anakwera pamenepo, nadikira mitambo, nayesa kawiri ndi katatu asanalembe. Ndipo inu, mukapeza kuti samu yanu yasiyana ndi ya mnzanu, musathamangire kumseka kapena kufafaniza yanu. Bwererani poyambira, muwerengenso, kufikira mutapeza pamene panalowera cholakwa, monga anachitira Thomas Maclear.

Mafunso

1. Kodi Cape Maclear ali kuti, ndipo anamucha dzinali ndani?
2. Chifukwa ninji dziko litundumuka pa Ikweta?
3. Digiri yotalika iri kuti, pa Ikweta kapena kunsonga? Fotokozani chifukwa chake.
4. Chinanyenga Lacaille nchiani?
5. Chotsani 12,714 pa 12,756. Yankho lanu likuuzani chiani za dziko?